Adam Smith: mwana wamasiye amene adaona chuma cha dziko m'kaphini

Kaphini ndi kachitsulo konyozeka. Telala amagwirizira nako nsalu asanaisoke, ndipo kakagwa pansi palibe amene amadzivutitsa kukafunafuna. Komatu ndi kachitsulo komweka kamene katswiri wa ku Scotland, Adam Smith, adayambira buku lake lotchuka la The Wealth of Nations, limene lidatuluka pa 9 Malichi 1776 ndipo kufikira lero limatengedwa ngati maziko a maphunziro a zachuma.

M'mutu woyamba wa bukulo, Smith adasimba za kafakitale kena ka maphini kamene adakaona ndi maso ake, komwe kudali antchito 10 okha. Kuchokera pa waya wosadula kufika pa kaphini kosomekedwa papepala logulitsira, padali ntchito zing'onozing'ono pafupifupi 18, monga kuwongola waya, kumudula, kusongola nsonga, kupanga mutu ndi kuulumikiza. Mmisiri aliyense ankagwira imodzi, ziwiri kapena zitatu mwa izi basi. Ngakhale adali osauka ndiponso opanda makina okwanira, anthu 10 amenewa ankatha kupanga maphini oposa 48 000 pa tsiku, kutanthauza 4 800 pa munthu mmodzi. Malinga ndi Smith, aliyense akadati azigwira yekha ntchito yonse, osaiphunzira, sakadafikitsa maphini 20 pa tsiku, mwina sakadamaliza ngakhale kamodzi.

Ambiri amene amatchula dzina la Smith masiku ano amamukumbukira ngati mneneri wa msika wopanda woulamulira, amene adaphunzitsa kuti aliyense azingosamala za phindu lake. Koma moyo wake ndi zolemba zake zikuonetsa munthu amene, atamaliza kuwerengetsera maphini, adatembenuka n'kuyang'ana wantchito amene amatha zaka zake zonse akusongola nsonga za waya, n'kudera nkhawa zimene ntchitoyo imachita m'mutu mwake.

Ubwana wa padoko

Smith adabadwa m'chaka cha 1723 m'tauni yaing'ono ya Kirkcaldy, m'mphepete mwa nyanja kum'mawa kwa Scotland, tsidya lina la mzinda wa Edinburgh. Bambo ake, amenenso dzina lawo lidali Adam Smith, adali mkulu wa kasitomu padoko la tauniyo, koma adamwalira kutatsala miyezi ingapo kuti mwanayo abadwe. Mayi ake, Margaret Douglas, sadakwatiwenso. Adamulera okha, ndipo kwa zaka zoposa 60 iwo ndiwo adali mzati wa moyo wake, pakuti Smith sadakwatire. Dugald Stewart, amene adali woyamba kulemba mbiri yake, adasimba kuti ali ndi zaka zitatu mwanayo adabedwa ndi anthu oyendayenda, koma amalume ake adawalondola mpaka kumubweza.

Kirkcaldy idali tauni ya amisiri ndi amalonda. Zombo zinkanyamula malasha ndi mchere padokopo, ndipo chapafupi padali osula misomali. Zimene mnyamatayo ankaona adadzaziika m'mabuku. Adalemba za mudzi wina wa ku Scotland kumene wantchito ankatha kupita kwa wophika buledi kapena kumalo omwera mowa atanyamula misomali m'malo mwa ndalama. Adayerekezanso liwiro la osula: mmisiri wosazolowera misomali ankasula 200 kapena 300 pa tsiku, pamene anyamata osakwana zaka 20, amene sadagwirepo ntchito ina kupatula imeneyi, ankapitirira 2 300.

Ali ndi zaka 14, mu 1737, adalowa Yunivesite ya Glasgow, komwe adakopeka ndi Francis Hutcheson, mphunzitsi wa filosofi ya makhalidwe. Mu 1740 adapeza thandizo la maphunziro lotchedwa Snell Exhibition, ndipo adakwera hatchi ulendo wa ku Balliol College ku Oxford. Adakhalako zaka zisanu ndi chimodzi n'kubwerako wokhumudwa, chifukwa aphunzitsi ambiri kumeneko adali atasiyiratu kuphunzitsa, moti adadziphunzitsa yekha powerenga mabuku. Patapita zaka 30 adafotokoza gwero la vutolo. Ku Glasgow, gawo lalikulu la malipiro a mphunzitsi linkachokera ku fizi ya ophunzira amene alowa m'kalasi mwake, pamene ku Oxford mphunzitsi ankalandira zake kuchokera ku chuma cha koleji, kaya waphunzitsa kaya sadaphunzitse. Kwa Smith, anthuwo sadabadwe aulesi. Ulesiwo udabadwa ndi kalipiridwe.

Mphunzitsi wa makhalidwe

Atabwerera kwawo, adayamba kuphunzitsa anthu wamba ku Edinburgh mu 1748, ndipo m'zaka zimenezi adadziwana ndi David Hume, katswiri wa filosofi amene adakhala bwenzi lake la pamtima. Mu 1751 adasankhidwa kukhala pulofesa ku Glasgow, ndipo chaka chotsatira adatenga mpando wa filosofi ya makhalidwe, womwe kale udali wa Hutcheson. Atakalamba ankakumbukira zaka 13 zimene adaphunzitsa kumeneko ngati zaphindu ndi zosangalatsa kuposa zina zonse m'moyo wake.

Panthawiyo mzinda wa Glasgow unkalemera ndi malonda a fodya wochokera ku Virginia ndi Maryland ku America. Smith ankacheza ndi amalonda akuluakulu a mumzindamo n'kumamva momwe mitengo, ngongole ndi misonkho zimayendera. Mkati mwa yunivesite momwemo mudali kanyumba kogwiriramo ntchito ka James Watt, amene pambuyo pake adakonzanso injini yoyendera nthunzi. Fodya wolemeretsa mzindawo ankalimidwa ndi akapolo ochokera ku Africa, ndipo Smith sadausekerere ukapolo. Adaudzudzula ngati nkhanza, ndipo adaonjeza kuti ngakhale powerengera ndalama, ntchito ya kapolo ndiyo yokwera mtengo kuposa ina iliyonse, popeza munthu woletsedwa kukhala ndi chake alibe chifukwa cholimbikira.

Buku lake loyamba silidali la zachuma. The Theory of Moral Sentiments, lomwe lidatuluka mu 1759, lidafufuza chifukwa chimene munthu amamvera chisoni mnzake ngakhale palibe chimene apindule. Yankho la Smith lidali lakuti munthu amatha kudziika m'malo mwa mnzake m'maganizo, ndipo akamakula pakati pa anthu ena, amaphunzira kudziyang'ana yekha ndi maso a mboni yosakondera imene imakhala mumtima mwake. Mboni imeneyi ndi imene imamuchititsa manyazi akabera mnzake pa sikelo, ngakhale palibe amene wamuona. Bukuli lidamutchukitsa ku Britain konse mpaka ku France.

Kutchukako ndi kumene kudamuchotsa m'kalasi. Charles Townshend, wandale wodziwika, adamupempha kuti akhale mphunzitsi wa mwana wake womupeza, Duke wa Buccleuch, paulendo wa ku Ulaya. Malipiro adali mapaundi 300 pa chaka, ndipo ulendo ukadzatha ndalama yomweyo idzapitirire ngati penshoni ya moyo wonse. Smith adavomera, koma poti ankachoka maphunziro a chakacho asanathe, adaumirira kubweza fizi kwa ophunzira ake ngakhale iwo ankakana.

Kuyambira 1764 mpaka 1766 adakhala ku Toulouse, Geneva ndi Paris. Adakumana ndi mlembi wotchuka Voltaire, komanso François Quesnay ndi Turgot, akatswiri a ku France amene ankafufuza momwe chuma chimazungulirira m'dziko. Gulu la Quesnay linkaphunzitsa kuti chuma chenicheni chimachokera m'nthaka mokha, ndipo amisiri ndi amalonda amangosintha maonekedwe a zimene mlimi wakolola. Smith adawalemekeza, koma sadagwirizane nawo pa mfundo imeneyi. Ulendowo udatha mwachisoni mng'ono wake wa Duke uja atamwalira ku Paris mu 1766. Chaka chotsatira Smith adabwerera kwa mayi ake ku Kirkcaldy, komwe adakhala zaka zisanu ndi chimodzi akulemba, kenako n'kukamalizira ku London.

Chuma cha dziko n'chiyani?

Maboma a ku Ulaya a nthawiyo ankakhulupirira kuti dziko lolemera ndi limene lasunga golide ndi siliva wambiri, choncho ankatchinga katundu wakunja ndi misonkho ndiponso kupatsa makampani ochepa ufulu wochita okha malonda ena. Smith adatsutsa zimenezi. Kwa iye, chuma cha dziko ndi chakudya, zovala, nyumba ndi zinthu zina zimene ntchito ya anthu ake imatulutsa chaka ndi chaka, poyerekeza ndi chiwerengero cha ozigwiritsa ntchito. Chokulitsa chumacho kuposa china chilichonse ndi kugawana ntchito, ndipo adapereka zifukwa zitatu. Wobwereza ntchito imodzi manja ake amazolowera n'kufulumira. Sataya nthawi yosiyira chida china n'kutola china. Ndipo poti maganizo ake onse ali pa chinthu chimodzi, amatulukira njira yochifewetsera. Adapereka chitsanzo cha mnyamata amene ntchito yake idali kutsegula ndi kutseka vavu ya injini ya nthunzi, yemwe pofuna mpata wosewera ndi anzake adamangirira chingwe kuti injiniyo izidzitsegulira yokha.

Kuti aonetse kuzama kwa nkhaniyi, Smith adatenga malaya ochindikala a ubweya wa nkhosa ovala munthu waganyu. Kumbuyo kwa malaya amodziwo kuli mbusa wa nkhosa, wosankha ubweya, wonyika utoto, wopota ulusi, woluka nsalu, amalinyero obweretsa utoto kuchokera kutali, okhoma zombo zawo, ndiponso okumba miyala ya chitsulo chosulira sizasi yometera nkhosayo. Anthu zikwizikwi osadziwana amamuveka munthu mmodzi wosauka popanda mfumu yowalamula. Chowalumikiza ndi kusinthana. Wopha nyama, wofulula mowa ndi wophika buledi amatipatsa chakudya chifukwa nawonso akufuna kupeza chawo, osati chifukwa chotikonda. Mfundo imeneyi ndi imene ambiri amaitenga ngati chilolezo cha umbombo, pamene Smith ankangofotokoza momwe anthu osadziwana amathandizirana mwamtendere, aliyense akupereka chimene mnzake akuchifuna. Fanizo lake la dzanja losaoneka, lomwe latchuka kuposa china chilichonse chimene adalemba, limapezeka kamodzi kokha m'buku lonselo.

Padali mfundo ina imene idali yolimba mtima m'dziko la mafumu ndi eni malo. Smith adayerekeza katswiri wa filosofi, monga iye mwini, ndi wonyamula katundu wa mumsewu, n'kunena kuti m'zaka zawo zoyambirira zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu, makolo ndi anzawo osewera nawo sakadaona kusiyana kwenikweni pakati pawo. Kusiyanako kumadza ndi maphunziro, chizolowezi ndi ntchito imene aliyense wagweramo. Luso losiyanasiyana limabadwa ndi kugawana ntchito koposa momwe limakuyambitsira.

Kukula kwa msika

Kugawana ntchito kuli ndi malire ake, ndipo malirewo ndi kukula kwa msika. Wosula misomali 1 000 pa tsiku angasule 300 000 pa chaka, koma kumapiri a kumpoto kwa Scotland, kumene nyumba zidali motalikirana, sakadagulitsa ngakhale ya tsiku limodzi pa chaka chonse. Kumeneko mlimi aliyense ankadziphera nyama, kudziphikira buledi ndi kudzifululira mowa. Zomwezi zimaoneka lero: mumsika wa Limbe munthu angadye ndi ntchito yokonza mafoni yokha, pamene kumudzi kwakutali mmisiri mmodzi amakhoma zitseko, kufolera nyumba ndi kukonza njinga, n'kumalimanso munda wake.

Chokulitsa msika ndi mayendedwe. Smith adawerengetsera kuti ngolo ya mahatchi 8 ndi anthu awiri inkatenga milungu isanu ndi umodzi kunyamula matani anayi a katundu pakati pa London ndi Edinburgh, kupita ndi kubwera, pamene chombo cha anthu 6 kapena 8 chinkanyamula matani 200 m'nthawi yomweyo. N'chifukwa chake malonda ndi umisiri zimayambira m'mphepete mwa nyanja ndi mitsinje yoyendamo zombo. Iye sadapondepo mu Africa, ndipo polemba za mkati mwa kontinentiyi adagwiritsa ntchito mawu onyoza a Azungu a nthawi yake. Koma chifukwa chimene adapereka chidali cha mayendedwe: mitsinje ikuluikulu ndi yotalikirana ndipo nyanja siilowa mkati mwa mtunda. Adachenjezanso, potengera mtsinje wa Danube ku Ulaya, kuti dziko limene njira yake yopita kunyanja imadutsa m'dziko la eni silikhala ndi mphamvu zonse pa malonda ake. Dziko la Malawi, limene katundu wake amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, limaidziwa bwino mfundo imeneyi.

Mtengo umene wantchito amalipira

Chakumapeto kwa bukulo, Smith adabwereranso kwa wantchito wa m'fakitale uja. Adaona kuti nzeru za munthu zimaumbidwa ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Amene amangobwereza kantchito kamodzi sakumana ndi vuto latsopano loti aliganizire, choncho maganizo ake amafota, mpaka amalephera kutsatira zokambirana zanzeru, kuweruza bwino nkhani za pakhomo pake kapena za dziko lake. Adanenetsa kuti izi n'zimene zidzagwere osauka ogwira ntchito, omwe ndi unyinji wa anthu, m'dziko lililonse lotukuka, pokhapokha boma litachitapo kanthu.

Mankhwala ake adali sukulu. Potengera sukulu za m'maparishi a ku Scotland, adapempha kuti boma likhazikitse sukulu m'dera lililonse, yoti ngakhale waganyu athe kulipirira mwana wake, kumene ana aziphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu asanayambe ntchito. Boma lizilipira gawo la malipiro a mphunzitsi, osati onse, kuopa zimene adaona ku Oxford. Pambali pa sukulu, adapatsa boma udindo woteteza dziko, kusunga chilungamo m'makhoti ndi kumanga misewu, milatho ndi madoko, zomwe munthu payekha sangapindule nazo atazimanga.

Amalonda ndi olemba ntchito sadawanyengerere. Adalemba kuti mabwana amagwirizana mwakachetechete kuti malipiro asakwere, ndipo pa mkangano wa malipiro iwo ndiwo amapambana chifukwa ali ndi mpamba wodyera chaka kapena ziwiri, pamene wantchito sangathe ngakhale mwezi. Adachenjeza kuti anthu a malonda amodzi akakumana, ngakhale pa chisangalalo, nkhani yawo kawirikawiri imakathera pa kukweza mitengo, ndipo lamulo lililonse lochokera kwa iwo liyenera kufufuzidwa mokayikira. Adadzudzula kampani ya East India chifukwa cha ulamuliro wake wopondereza ku Bengal. Kwa iye, dziko limene anthu ake ambiri ali pa umphawi silingatchedwe lotukuka, ndipo n'chilungamo kuti odyetsa ndi kuveka mtundu wonse nawonso adye ndi kuvala mokwanira.

Masiku otsiriza

Mabuku onse a kusindikiza koyamba adatha m'miyezi isanu ndi umodzi. Hume adaliwerenga n'kuliyamikira, koma adamwalira mu Ogasiti chaka chomwecho cha 1776. Mu 1778 Smith adasankhidwa kukhala mmodzi mwa akuluakulu a kasitomu ku Scotland, ndipo adasamukira ku Panmure House mumzinda wa Edinburgh pamodzi ndi mayi ake ndi msuweni wake Janet Douglas. Munthu amene adatsutsa misonkho yotchinga malonda adathera zaka zake zomaliza akutolera misonkho ya padoko, ntchito ya bambo ake amene sadawaone, ndipo adaigwira mokhulupirika. Gawo lalikulu la ndalama zake ankathandizira nalo anthu mwamseri.

Mayi ake adamwalira mu 1784, Janet Douglas mu 1788. Mphamvu zake zotsala adazithera pa kukonzanso buku lake loyamba lija la makhalidwe. M'kusindikiza kwachisanu ndi chimodzi, komwe kudatuluka mu 1790, adaonjezamo mutu watsopano wonena kuti chizolowezi chogomera olemera ndi kunyoza osauka ndicho chimawononga kwambiri chikumbumtima cha anthu. Ataona kuti imfa yayandikira, adaumiriza anzake Joseph Black ndi James Hutton kuti zolemba zake zosamaliza, mabuku 16 olembedwa pamanja, zitenthedwe. Adamwalira pa 17 Julayi 1790 ali ndi zaka 67, ndipo adaikidwa m'manda a tchalitchi cha Canongate.

Amene adabwera pambuyo pake adagawana cholowa chake. David Ricardo, amene adawerenga The Wealth of Nations mu 1799, adakuza mfundo ya kugawana ntchito mpaka kufika pa malonda a pakati pa maiko m'buku lake la 1817. Thomas Malthus ndi John Stuart Mill adapitiriza mkangano wa malipiro, phindu ndi lendi. Karl Marx, mu 1867, adatenga chenjezo la Smith la kufota kwa maganizo a wantchito n'kuligwiritsa ntchito potsutsa dongosolo lonse la mafakitale. Mu 2007 Bank of England idaika nkhope ya Smith pa ndalama yapepala ya mapaundi 20, pamodzi ndi chithunzi cha amisiri opanga maphini, ndipo mu 2020 idatulutsa ina yokhala ndi nkhope ya wojambula J.M.W. Turner. Pandalamapo padajambulidwa kafakitale ka m'mutu woyamba wa buku lake. Sukulu ya ana a antchitowo, imene adaipempha chakumapeto kwa buku lomwelo, sidaonekepo.